Zaka Zinayi Zodikira Madzi: Mbiri ya Ukatekumeni ku Mua ndi ku Mtakataka

Ukatekumeni ndi nyengo imene munthu wamkulu wofuna kulowa Chikhristu amakhala akuphunzitsidwa ndi kuyesedwa makhalidwe asanabatizidwe. M'chigwa cha kunsi kwa mapiri a Dedza, kuchokera ku Golomoti kudzera pa Mua mpaka ku Mtakataka, mwambo umenewu unafika mu Seputembala 1902, pamene ansembe a Katolika a chipani cha White Fathers anamanga misasa yawo pafupi ndi mtsinje wa Nadzipokwe. Lamulo limene anabwera nalo linali lakuti munthu wamkulu sabatizidwa asanathe zaka zinayi akuphunzira, pokhapokha ngati ali kayakaya. Lamulo limeneli ndilo linaumba Chikatolika cha m'chigwachi, pa mphamvu zake ndi pa mabala ake omwe.

Mwini lamuloli anali Kadinala Charles Lavigerie, Mfalansa amene anayambitsa chipanichi ku Algiers m'chaka cha 1868. Asanakhale episkopi, Lavigerie ankaphunzitsa mbiri ya Mpingo ku Paris, choncho ankadziwa bwino mmene Akhristu a zaka mazana oyambirira ankalandirira anthu atsopano. Masiku amenewo wofuna ubatizo ankatha zaka ngati zitatu akumva mawu, ndipo pa mapemphero ankatulutsidwa panja Mgonero usanayambe. Ngakhale Augustine Woyera, mwana wa kumpoto kwa Africa komweko, anakhala mkatekumeni nthawi yaitali asanabatizidwe ku Milan pa Pasaka wa chaka cha 387. Patapita nthawi, ku Ulaya aliyense atayamba kubatizidwa ali khanda, mwambowo unazilala. Lavigerie anaudzutsa chifukwa ankaopa chinthu chimodzi: kubatiza chikhamu cha anthu amene mawa lake adzabwerera kumene anachokera. Potumiza ansembe ake oyamba ku nyanja zazikulu za pakati pa Africa mu 1878, anawalamula kuti anthu awagawe patatu: ofunsira, akatekumeni, ndi okhulupirira obatizidwa.

Ulendo woyamba wa chipanichi m'dziko muno sunabale kanthu. Ansembe anafika kwa Mponda, kumene nyanja imatsanulira mu Shire, kumapeto kwa Disembala 1889. Anapeza mudzi waukulu wa Ayao umene unali utakoma kale ndi Chisilamu ndi malonda a kugombe, ndipo pofika pakati pa 1891 anasamuka kupita ku Mambwe, kumpoto kwa dziko limene lero ndi Zambia. Anadzabweranso patapita zaka khumi ndi chimodzi, motsogozedwa ndi Bambo Mathurin Guillemé, amene pambuyo pake, mu 1911, anakhala episkopi wa chigawo chonse cha Nyasa. Mua inatsegulidwa mu 1902, Likuni ndi Kachebere mu 1903, Mtakataka mu 1908, ndipo Bembeke, pamwamba pa phiri pozizira, mu 1910.

Chigwa chimene anafikamo sichinali chopanda chipembedzo kapena maphunziro. Pafupi ndi Mtakataka pali Mankhamba, pamene panali likulu la Kalonga wa Amaravi, ndipo Achewa a m'midzi yozungulira anali ndi mizinda yawo, madambwe awo ndi anamkungwi awo. Pamwamba pa Achewawo panali ulamuliro wa Angoni a Kachindamoto, amene anatsikira kunyanja m'zaka za m'ma 1890 atakangana ndi Gomani. M'mbali mwa nyanja munalinso Ayao, ambiri mwa iwo Asilamu. Pamene ansembe ankafika, ufumu wa Kachindamoto unali m'manja mwa mayi wa kubanja lachifumu, Nyathei, amene ankagwirizira mpando poti mwini wake, Ndindi, anali akadali mnyamata. Akuluakulu a Angoni ndiwo analola kuti mishoni ikhazikike, koma anthu ambiri amene ansembe anafuna kuwaphunzitsa anali Achewa, ndipo chilolezo cha mfumu yaikulu sichinatanthauze kuti nyakwawa iliyonse yatsegula bwalo lake.

Khomo loyamba linali mankhwala, ntchito ndi sukulu. Anthu ankabwera kudzatsukitsa zilonda, ena kudzaumba njerwa ndi kucheka matabwa, ndipo asanayambe ntchito kapena akaweruka ankamva phunziro lalifupi. Koma ansembe atatu kapena anayi sakanatha kufika m'midzi yonse ya chigwa chotentha chonchi, chodzala malungo, chimene mitsinje yake imadula njira dzinja lililonse. Ntchito yeniyeni inagwera aphunzitsi a m'midzi, amene pambuyo pake anadziwika kuti akatekisiti. Mphunzitsi woteroyo ankakhala ndi kasukulu kaudzu, kapena mthunzi wa mtengo chabe. M'mawa ankaphunzitsa ana alifabeti ndi mapemphero, madzulo ankasonkhanitsa akuluakulu obwera kumunda, Lamulungu ankatsogolera mapemphero, ndipo m'kabuku kake ankalemba amene wabwera ndi amene wajomba. Mbiri zolembedwa zimatchula kwambiri mayina a azungu, koma ambiri mwa agogo a Akatolika a lero ku Mua ndi ku Golomoti anamva koyamba za Utatu Woyera kuchokera pakamwa pa Mchewa kapena Mngoni mnzawo, wolipidwa pang'ono, amene nthawi zina eni mudzi ankamuthamangitsa ndi kumutenthera sukulu.

Zaka zinayizo zinkagawidwa pawiri. Pa zaka ziwiri zoyamba munthu ankangokhala wofunsira. Ankaphunzira kuti Mulungu ndi mmodzi, kuti ndiye analenga zonse, kuti munthu ali ndi mzimu wosafa, kuti kuli mphotho ndi chilango, ndiponso malamulo khumi. Zambiri mwa izi sizinali zachilendo kwa anthu amene ankadziwa kale Chauta, Namalenga, Mphambe. Akapirira zaka ziwirizo, ndipo mphunzitsi akamuchitira umboni, ankalembedwa kukhala mkatekumeni weniweni, ndipo apa m'pamene ankamutsegulira za Yesu Khristu, za kufa ndi kuuka kwake, kenaka za masakramenti. Gawo lililonse linali ndi chizindikiro chake chovala m'khosi: mendulo kwa woyamba kumene, mtanda kwa mkatekumeni, kolona kwa wobatizidwa. Munthu ankadziwika pamene wafika pongomuyang'ana pachifuwa, ndipo kulandidwa mtanda chifukwa cha mlandu chinali chinthu chochititsa manyazi mudzi wonse ukuona. Pa Misa, imene nthawi imeneyo inali m'Chilatini, akatekumeni ankatuluka ulaliki ukatha, n'kusiya obatizidwa okha m'tchalitchi.

Kaphunzitsidwe kake kanali koloweza. Katekisimu anali wa mafunso ndi mayankho; mphunzitsi ankatchula funso, gulu lonse n'kuyankha pamodzi mokweza, kubwereza mpaka mawu atakhazikika. Anthu ophunzira a masiku ano amaiderera njira imeneyi, ndipo n'zoona kuti ena ankaloweza mawu osamva tanthauzo lake. Komabe kwa anthu amene nzeru zawo zonse, miyambi, nthano, nyimbo za pamtondo ndi mibadwo ya makolo, ankazisunga pamtima, kuloweza sikunali ukapolo ayi. Nkhalamba zosadziwa kulemba dzina lawo zinkasunga katekisimu yense m'mutu mpaka kumanda. Wansembe akabwera pa ulendo wake wa m'midzi, wapansi kapena pa njinga, ankayesa mmodzimmodzi. Koma mayeso aakulu sanali a pakamwa. Ankafunsa mphunzitsi ndi Akhristu a pamudzipo ngati munthuyo wasiya kupita kwa owombeza maula, ngati sakuledzera, ngati banja lake lili bwino, ngati sanapezeke kudambwe. Wolephera ankabwezedwa chaka china, ndipo analipo amene zaka zawo zinayi zinasanduka zisanu ndi ziwiri.

Osankhidwa ankaitanidwa kumishoni kukakhala m'bindikiro wa masabata angapo. Ankanyamula ufa wawo, mphasa ndi nkhuni, n'kumagona m'zigono, amuna kwaokha, akazi kwaokha, akuphunzira m'mawa ndi madzulo ndi kugwirako ntchito masana. Tsiku la ubatizo, limene kawirikawiri linkagwa pa Pasaka kapena pa chikondwerero china chachikulu, wansembe ankawalandira pakhomo la tchalitchi, kuwaika mchere palilime, kuwadzoza mafuta, kuwafunsa katatu ngati akukana Satana ndi ntchito zake, kenaka n'kuwathira madzi pamutu. Aliyense ankalandira nsalu yoyera, kandulo, ndi dzina la woyera mtima wina. Mayina monga Petulo, Yohane, Agnesi, Tereza ndi Korneliyo analowa m'midzi ya m'chigwachi kudzera pa khomo limeneli, ndipo analembedwa m'kaundula wa ubatizo pamodzi ndi mudzi, makolo, ndi bambo kapena mayi wa ubatizo.

Mchewa aliyense woona zimenezi ankazizindikira msanga. Kupatulidwa pagulu, kulangizidwa ndi akulu, kubisiridwa zinsinsi mpaka tsiku lake, kukhala ndi wokuyang'anira ngati phungu, kutuluka ndi chovala chatsopano ndi dzina latsopano, zonsezi ndi zimene zinkachitika kutsimba ndi kudambwe. Apa m'pamene panagona mkangano waukulu wa mbiri yonseyi. Nkhani sinali yakuti Achewa sanamvetse chimene ubatizo uli; anachimvetsa bwino kwambiri. Anaona kuti pabwera chinamwali china chopikisana ndi chawo, chofuna kulanda udindo wosandutsa mwana kukhala munthu wamkulu. Mudzi wa Achewa unkayima pa mzinda, ndipo mfumu yopanda anyamata ometa ndi atsikana ovinidwa inali mfumu ya dzina lokha.

Ansembe anaika lamulo lakuti wa gule sangabatizidwe, ndipo Mkhristu wobwerera kudambwe ankaimitsidwa masakramenti. Eni gule nawo anayankha m'njira zawo. Anayamba kumeta ana aang'ono kuposa kale, kuti mwana alowe kudambwe asanalowe m'kalasi. Zilombo zinkatuluka nthawi ya sukulu, ana n'kubalalika. Kunabadwanso zilombo zonyoza zimene zinkaphunzitsidwa kutchalitchi, monga Maliya, Yosefe ndi Simoni wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa. M'zaka za m'ma 1920 mkanganowu unakula mpaka kufika kwa abwanamkubwa a boma la atsamunda, amene kawirikawiri sanafune kuletsa gule monga ansembe ankapemphera. Wolemba mbiri Ian Linden anafotokoza nkhondo imeneyi m'buku lake la mu 1974 lonena za Akatolika ndi kukana kwa Achewa m'Nyasaland, ndipo zambiri anazitenga m'mabuku a tsiku ndi tsiku amene ansembe a m'mishoni zimenezi ankalemba. Chimene mabuku otere sangathe kuonetsa mokwanira ndi ululu wa m'mabanja: mnyamata wokana kumeta ankatchedwa mwana mpaka imvi, ndipo Mkhristu ankaletsedwa kukhala nawo pa maliro a malume ake enieni ngati pabwera zilombo.

Chopinga chachiwiri chinali ukwati. Mwamuna wa mitala sankabatizidwa asanatsale ndi mkazi mmodzi, ndipo mkazi wachiwiri sankabatizidwa ali m'banjamo. Lamuloli linagwera kwambiri akuluakulu a Angoni ndi mafumu, amene ulemu wawo unkaonekera pa kukula kwa khomo lawo. Ambiri a iwo anatumiza ana kusukulu, iwo eni n'kukhala akatekumeni moyo wawo wonse, kudikira ubatizo wa pamphasa. Koma amene analipira mtengo woposa anali akazi. Mayi amene sanadzisankhire yekha kukhala wachiwiri ankatha kuloweza katekisimu yense, osajomba ngakhale Lamulungu limodzi, koma osaloledwa kufika pamadzi. Ndipo ngati mwamuna wasankha kubatizidwa, mayiyo ndiye ankachotsedwa. Ili ndi bala limene mbiri ya ukatekumeni siyenera kulibisa. Kwa Achewa vuto linali la mtundu wina. Pa chikamwini mwamuna amakhala kwa mkazi, ndipo ana ndi a mbumba ya malume awo. Bambo wachikhristu analibe mawu omaliza pa mwana wake wamkazi ngati mwinimbumba wanena kuti avinidwe. Ukwatinso unkatha mosavuta, mkamwini akangopatsidwa katundu wake, pamene Mpingo unkaphunzitsa ukwati wosamasulika.

Chachitatu chinali ulendo. Msonkho wa nyumba unakankhira amuna ku minda ya azungu kummwera, ku Halale ndi ku migodi ya ku Joni. Nkhondo ya 1914 mpaka 1918 inatenga ambiri kukakhala amtengatenga. Njanji yopita ku Salima itatsegulidwa mu 1935, yodutsa pa Golomoti ndi pa Mtakataka pomwe, kuchoka kunaphweka kuposa kale. Mnyamata ankatha zaka zitatu m'kalasi, n'kunyamuka, n'kudzabwera patapita zaka zisanu atayiwala theka, mwina ali ndi mkazi wina. Pa chifukwa chimenechi chiphaso cha Mpingo chinakhala chamtengo wapatali: chinkasonyeza pamene munthu wafika pa maphunziro, kuti wansembe wa ku Salisbury kapena kwina apitirize pomwepo.

Panali khomo limodzi lachidule, ubatizo wa wodwala kayakaya. Mphunzitsi, ngakhale Mkhristu wamba, ankaloledwa kubatiza munthu amene watsala pang'ono kutsirizika ngati wavomera, ndiponso khanda lodwalitsa. Pa mliri wa chimfine wa 1918 ndi pa njala ya 1949 anthu ambiri anabatizidwa motere, monganso odwala ena a pa chipatala cha akhate chimene chinatsegulidwa ku Mua mu 1927. Zotsatira zake zinali ziwiri. Mabanja ena anatonthozedwa poona mbale wawo akupita ndi dzina lachikhristu. Koma m'midzi ina anthu anaona kuti aliyense wothiridwa madziwo amamwalira, ndipo anayamba kubisa odwala mphunzitsi akamayandikira. Wobatizidwa pangozi akachira ankayenera kubwerera m'kalasi kukamaliza zimene anadumpha.

Akatolika sanali okha m'derali. Amishoni a Dutch Reformed, amene anayamba ku Mvera mu 1889 n'kukhazikika ku Nkhoma mu 1896, analinso ndi sukulu zawo ndi makalasi awo a ofuna ubatizo, a zaka zingapo nawonso, otsamira kwambiri pa kudziwerengera Baibulo, makamaka Buku Lopatulika litatuluka mu 1922. Mipingo iwiriyi inkalimbirana midzi, poti sukulu ikamangidwa pamudzi, mudziwo unkakhala wa mpingo umenewo. Mpaka lero malire a midzi ya Akatolika ndi ya a CCAP m'madera ena amatsata pamene mphunzitsi woyamba anaimika nsanamira zake. M'midzi ya Asilamu ya m'mbali mwa nyanja, kumene jando ndi madrasa zinali zitagwira kale ntchito yolera ana, ukatekumeni sunalowe kwenikweni.

Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo zipatso za kudikira kuja zinaoneka pa m'badwo wachiwiri. Seminale yaing'ono inayambira ku Mua komweko mu 1912. Korneliyo Chitsulo, wobadwira m'dera la Mua mu 1909, anadzozedwa unsembe mu 1937, kukhala wansembe woyamba wa Katolika wa m'dziko muno. Chigawo cha Dedza chitapatulidwa mu 1956, iye ndiye anasankhidwa kuchitsogolera, kukhalanso episkopi woyamba wachimalawi, ndipo anatumikira mpaka imfa yake mu 1984. Patrick Kalilombe, wobadwira ku Mua mu 1933, anakhala Mmalawi woyamba kulowa chipani cha White Fathers, ndipo mu 1972 anakhala episkopi wa Lilongwe. Onse awiri anakulira pakati pa anthu amene Chikhristu chawo anachipeza movutikira. Koma kukula kwa Mpingo kunasinthanso ukatekumeni womwewo. Mabanja achikhristu atachuluka, obatizidwa ambiri anakhala makanda, ndipo maphunziro anasamukira pambuyo pa ubatizo: kukonzekera kulapa ndi Ukaristia woyamba, kenaka Ulimbitso. Mwana wobadwira mu Mpingo ankalandira pa sabata zochepa chimene agogo ake anachidikira zaka zinayi.

Msonkhano waukulu wa Vatican wachiwiri, wa 1962 mpaka 1965, unalamula kuti ukatekumeni wa magawomagawo ubwezeretsedwe mu Mpingo wonse, ndipo zimene amishoni anaona mu Africa zinathandiza kuti lamulolo lituluke. Buku latsopano la mwambo wolandira akuluakulu linatuluka ku Roma mu 1972. Chimene chinkachitika pansi pa mitengo ya ku Mtakataka chinakhala tsopano njira ya Akatolika a ku Paris ndi ku Chicago. Miyambo inayamba kuchitika m'Chichewa, ndipo akatekumeni anapeza Baibulo m'manja mwawo, poyamba Malembo Oyera a mu 1966, kenaka Buku Loyera la mu 1998, limene Akatolika ndi mipingo ina anamasulira limodzi. M'zaka za m'ma 1970 maepiskopi a kum'mawa kwa Africa anagwirizana zomanga Mpingo pa magulu ang'onoang'ono a m'midzi, ganizo limene Ambuye Kalilombe analilimbikira kwambiri. Kuyambira pamenepo gulu lotere, lotchedwa mphakati, ndilo limapereka dzina la wofuna ubatizo, kumuyendera, ndi kumuchitira umboni, ntchito imene kale inali ya mphunzitsi yekha.

Kusintha kwina kunachitikira pa Mua penipeni, ndipo kunakhudza mdani wakale uja, gule. Bambo Claude Boucher, wa ku Canada, amene anafika m'Malawi mu 1967 ndipo anthu anamupatsa mfunda wa Chisale, anayambitsa malo a za chikhalidwe ndi luso a Kungoni mu 1976. Anatha zaka zambiri akufunsa eni gule tanthauzo la chilombo chilichonse ndi nyimbo zake, ndipo nyumba yosungiramo zakale ya Chamare, yotchedwa dzina limene anthu anapatsa Bambo Jean-Baptiste Champmartin, lero ikusunga zigoba za gule mazanamazana pabwalo lomwelo pamene akatekumeni ankalumbira kuti asiya gule. Mu 2005 bungwe la UNESCO linalengeza Gule Wamkulu kukhala chuma cha anthu a dziko lonse lapansi. Izi sizinathetse funso lakale, poti Akhristu ambiri, a Katolika ndi a mipingo ina, amaonabe kuti dambwe ndi tchalitchi siziyendera limodzi, ndipo wa gule wofuna ubatizo amafunsidwabe za moyo wake. Chimene chinasintha n'chakuti mwambo wa makolo unayamba kumvedwa usanaweruzidwe, ndipo alangizi achikhristu anatenga zambiri za nzeru za anamkungwi polangiza atsikana ndi anyamata a mu Mpingo.

Masiku ano nthawi yodikira yafupikirako, ndipo akuluakulu olowa m'kalasi ndi ochepa poyerekeza ndi ana. Ambiri ndi okwatira kapena okwatiwa ndi Mkatolika, ochokera m'mabanja a gule, kapena amene makolo awo sanawabatizitse ali aang'ono. Wochokera ku mpingo wina umene ubatizo wake ndi wovomerezeka amaphunzira n'kulandiridwa, koma sabatizidwanso. Amaphunzitsidwa ndi akatekisiti ndi Akhristu odzipereka m'nthambi za parishi, mayina awo amalembedwa pa Lamulungu loyamba la Lenti, amapemphereredwa mwapadera pa Lamulungu lachitatu, lachinayi ndi lachisanu, ndipo amabatizidwa usiku wa Loweruka Loyera, moto wa Pasaka utayatsidwa panja pa tchalitchi. Mayina awo amalowa m'kaundula wa parishi, amene ku Mua anayamba kulembedwa zaka zoposa zana limodzi zapitazo.